Katondo si tsoka: malangizo kwa olima pakhomo

Awerengi, sabata ino tsamba lathu lalowa m'dimba. Chatikokera kumeneko ndi kalata ya mayi wina wa ku Mpingwe mumzinda wa Blantyre, yemwe wadandaula motere:

"Ndakhala m'nyumba ino zaka zitatu. Chaka chilichonse ndimagula mbande za repu ndi tomato ku Limbe, komanso anyezi wa maluwa kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. Koma dothi la pano ndi katondo weniweni. Chilimwe limauma ngati njerwa, dzinja limamata kukhasu ndi kumapazi komwe. Maluwa amaolera pansi, ndiwo zimathera nsabwe. Bambo a kunyumba ayamba kunena kuti ndikungotaya ndalama ndi madzi a pampopi. Kodi ndingosiya?"

Mayi, musasiye. Vuto lanuli si lanu nokha. Anzanu a ku Bangwe, BCA, Namiyango, Kanjedza mpaka ku Chigumula akulira chimodzimodzi. Ndipo masiku ano, pamene mtengo wa ndiwo ndi feteleza wakwera, makamaka chichokereni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kadimba ka kuseri kwa nyumba si masewera ayi. Mabedi atatu osamalidwa bwino amachepetsa maulendo a kumsika. Bambowo akunena zoona pa chinthu chimodzi: kuthira madzi a bilu padothi losakonzedwa ndi kutayadi ndalama. Ndiye tiyeni tiyambe ndi dothilo.

Dziwani dothi lanu

Kuno kwathu dothi lomata lilipo la mitundu iwiri yodziwika. Pali makande, lakuda lija la m'madambo lomwe limang'aluka ming'alu nthawi yotentha. Palinso katondo, lofiira, lomwe ndi lochuluka m'mitunda ya Blantyre, Limbe ndi Thyolo. Kufiira kwakeko ndi chifukwa cha chitsulo chomwe chili m'dothimo, monga momwe dzimbiri limafiirira.

Chomwe chimavutitsa n'chakuti timibulu ta dothili ndi tating'ono zedi, ndiye timathinana osasiya mpata woti madzi ndi mpweya zidutse bwino. Mizu nayo imapuma. Ikakhala m'madzi masiku angapo imabanika n'kuyamba kuola. Koma kuthinana komweko kuli ndi ubwino wake: dothi lotere limasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu nthawi yaitali kuposa la mchenga. Kodi tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje uja amamera pa chiyani? Si dothi lofiira lomweli?

Musanagule mbande ina iliyonse, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, tapani dothi lonyowa pang'ono, mulipote m'manja ngati mukuumba chingwe. Likapindika n'kupanga mphete osathyoka, dziwani kuti dongo ndi lambiri. Chachiwiri, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi madzulo. Akaphwa thiraninso. Mukapeza m'mawa madzi achiwiriwo akadali tayale, pamenepo si pobzala maluwa a anyezi pokhapokha mutakweza bedi.

Zolakwa zomwe ambiri timachita

Cholakwa choyamba ndi kulima dothi lili chinyowere. Mvula ikagwa usiku, m'mawa aliyense khasu paphewa. Pa katondo zimenezo n'kudziputira ntchito, chifukwa zibuma zomwe mwagadula zikauma zimasanduka miyala. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Finyani dothi m'dzanja: likamayoyoka mukaligunda ndi chala, nthawi yolima yakwana. Mwezi wa Okutobala, pamene nthaka imakhala gwa, mukhoza kuthirira kachigawo kamodzi madzulo n'kudzalima mawa lake, kapena kudikira mvula ya chizimalupsa.

Chachiwiri ndi mchenga. Pano ndiulule, inenso ndinagwa m'mbuna imeneyi. Ndinagula mawilibala awiri a mchenga wotsala pomwe ankamanga nyumba, n'kumwaza pabedi lonse ndili ndi chikhulupiriro kuti dothi lifewa. Abale, dzuwa litawomba bedi lija linalimba kuposa kale. Paja oumba njerwa nawo amasakaniza dothi lomata ndi kamchenga. Mchenga wochepa pa katondo wambiri suthandiza kanthu.

Chachitatu ndi kusesa ndi kuotcha. M'makomo ambiri m'mawa uliwonse masamba a mango ndi mapeyala amasesedwa mpaka bwalo kuchita mbee, kenaka moto. Masamba amenewo ndiye mankhwala a dothi lanu, inu n'kumawasandutsa utsi.

Chachinayi ndi kuponda pabedi. Phazi lililonse limatsendera dothi lomwe mwavutika kulifewetsa.

Manyowa ndiye yankho

Palibe njira ya chidule. Katondo amafewa ndi zinthu zoolerana, chaka ndi chaka. Sonkhanitsani masamba ouma, udzu, mapesi odulidwa, makoko a mtedza ndi nyemba, makoko a nthochi ndi mbatata a kukhitchini, ndowe za ng'ombe kapena mbuzi, ndi zitosi za nkhuku. Ngati pafupi pali deliya, uja wa maluwa achikasu womera m'mbali mwa misewu, dulani masamba ake aawisi, amaola msanga ndipo ali ndi chakudya chambiri.

Pa dothi ngati lanuli musakumbe dzenje la manyowa nthawi ya dzinja, limangosanduka chitsime chonunkha. Unjikani mulu pamwamba, pamthunzi. Pansi yalani timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenaka zouma, zaziwisi, ndowe, phulusa pang'ono ndi kadothi, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patatha masiku angapo n'kuipeza yotentha, ntchito ikuyenda. Tembenuzani mulu pakatha sabata ziwiri kapena zitatu zilizonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Amene munakulira kumudzi mukudziwa manyowa a chimato, omata mulu ndi matope kuti chinyezi chisathawe. Njira imeneyo imagwiranso ntchito m'tauni muno.

Thirani chidebe chimodzi cha malita 20 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, musakanize ndi dothi la pamwamba. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu, ziyambe zaola kaye. Utuchi wa kwa akalipentala nawo usalowe m'dothi usanaole, chifukwa poola umalanda chakudya cha mbewu, masamba n'kuchita chikasu. Phulusa ndi labwino pa dothi lofiira koma la pang'ono, dzanja limodzi pa mita, osati chidebe.

Mukayamba kuona nyongolotsi pokumba, sangalalani. Amenewo ndi aganyu osalipidwa, amaboola timauna todutsa madzi ndi mpweya.

Mabedi ndi madzi pamalo otsetsereka

Nyumba zambiri za ku Mpingwe zili m'munsi mwa phiri, pamalo opendekera. Mabedi anu agone mopingasa chitunda, osati motsetsereka, kuti madzi a mvula asakokolole manyowa. M'lifupi bedi lisapitirire mita imodzi, kuti muzifikira pakati muli m'kanjira. Dzinja likwezeni masentimita 20 mpaka 30, m'mbali mutchinge ndi njerwa zakale kapena miyala.

Nkhani ya madzi pamtunda si yocheza. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kadimba sikangaletse tsoka lalikulu ngati limenelo, koma dothi la pakhomo likakhala losavala, mvula wamba yokha imakumba ngalande n'kufooketsa maziko a mpanda. Bzalani mzere wa udzu wa vetiva kumtunda ndi kumunsi kwa dimba. Mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. Ngalande yanu ikathire mumsewu kapena m'ngalande yaikulu, osati pakhoma la aneba a kumunsi. Milandu yambiri ya m'makomo imayambira pa madzi a mvula. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Chilimwe nkhani imatembenuka. Katondo safuna kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi amangonyowetsa pamwamba n'kupanga chikhokho. Thirirani mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata, m'mawa kapena madzulo, kenaka phimbirani bedi ndi udzu wouma. Pisani chala m'dothi musanatenge kheni: ngati pansi pali chinyezi, madziwo asungeni. Apa ndi pomwe bilu ya Water Board imatsikira, bambo aja n'kuyamba kumwetulira. Madzi otsukuluzira zovala, opanda mankhwala oyeretsera, mukhoza kuthirira maluwa ndi kapinga. Koma ndiwo zamasamba musathirire madzi a m'ngalande kapena a m'timitsinje todutsa m'makwalala. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa mokwanira.

Maluwa a anyezi

Tsopano tifike pa maluwa omwe akukuolerani. Anthu timangoti "anyezi wa maluwa" potchula maluwa onse osunga chakudya pansi, kaya ndi wonga anyezi, wonga koko kapena wonga mbatata. Onsewa mdani wawo wamkulu ndi mmodzi: madzi odikha.

Yambani ndi kusankha. Pa katondo, amene sakhumudwitsa ndi canna, agapanthus wa maluwa obiriwira ngati thambo uja, ndi crinum. Amenewa amapirira dothi lolemera. Palinso timaluwa tating'ono toyera kapena tapinki tomwe timatumphuka patangopita masiku ochepa mvula itagwa. Timeneti timaswana tokha m'mbali mwa kanjira popanda kutinyengerera. Amaryllis, wa maluwa akuluakulu ngati lipenga, komanso gladiolus ndi dahlia, amafuna bedi lokwera kapena chidebe.

Musanyengedwe ndi zithunzi za tulip za ku Holland. Maluwa amenewo amafuna chisanu chenicheni cha miyezi ingapo kuti achite bwino, ndipo chiperoni chathu cha mu Juni ndi Julaye sichifikapo. Pomwe gladiolus kwawo ndi konkuno: mitundu yake yambiri inachokera kum'mwera kwa Africa, ndipo ina imamera yokha m'tchire la ku Zomba ndi ku Nyika. Amaryllis wa m'makomoyu anachokera ku South America, dahlia ku Mexico, koma onse anazolowera nyengo yathu.

Pogula, musachite manyazi kugwira. Finyani pang'ono: anyezi wabwino ndi wolimba ndi wolemera. Yang'anani kunsi kotulukira mizu ngati kuli nkhungu kapena kufewa, ndipo mununkhize. Paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Njira yabwino koposa ndi kupempha ana a maluwa kwa mnzanu wa dera lomwelo, chifukwa mwawaona ndi maso akuchita bwino padothi longa lanu.

Kabzalidwe kake n'kosiyana. Gladiolus alowe pansi masentimita 10 mpaka 15, nsonga kumwamba, motalikirana ngati chikhatho. Amachita maluwa pakatha miyezi pafupifupi itatu, ndipo mukamabzala pang'onopang'ono sabata ziwiri zilizonse mudzakhala ndi maluwa nthawi yaitali. Muzikireni kamtengo chifukwa mphepo imamugwetsa. Amaryllis ndiye ayi, musamukwirire yense. Khosi ndi mapewa ake zikhale poyera. Ambiri amaolerwa chifukwa chomukwirira ngati mbatatesi. Manyowa osaolerana asakhudze anyezi.

M'chidebe ndi momwe mchenga umagwira ntchito: magawo awiri a dothi, limodzi la manyowa, limodzi la mchenga wa kumtsinje wa misere ikuluikulu. Boolani mabowo kunsi ndipo chidebecho chikhale pa njerwa kuti madzi azituluka. Kwa inu a nyumba za lendi, iyi ndiye njira yanu. Tsiku losamuka dimba limakwera nawo lole, ndipo simukangana ndi alandilodi pa nkhani yokumba bwalo.

Maluwa akafota dulani phesi la duwa, koma masamba asiyeni. Masambawo ndi amene amaphikira anyezi chakudya cha chaka chamawa. Mukawadula chifukwa akuoneka osalongosoka, chaka chamawa mudzangoona masamba okhaokha. Gladiolus ndi dahlia akumbeni masamba akauma okha, muwaumitse pamthunzi, musunge m'thumba la pepala kapena m'kasaka ka mabowo, osati m'jumbo. Amaryllis ndi agapanthus akhoza kukhala malo amodzi zaka zitatu kapena zinayi musanawagawe. Ana omwe mwagawawo ndi ndalama: aikeni m'machubu, anthu amawafuna, makamaka cha ku Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, komanso okongoletsa m'matchalitchi ndi pamaukwati.

Chenjezo kwa makolo

Apa mumvetsere bwino. Anyezi wa maluwa si wa ndiwo. Wa amaryllis ndi wa crinum ali ndi poizoni woyambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba. Woopsa koposa ndi duwa lofiira ndi chikasu lija loyanga, looneka ngati malawi a moto, lomwe limamera lokha m'tchire nthawi ya dzinja ndipo ndi duwa la fuko la Zimbabwe. Muzu wake umafanana ndi kambatata koma umapha. Musasunge zimenezi kukhitchini kapena pafupi ndi dengu la anyezi. Auzeni ana ndi aliyense wophika pakhomo. Wina akadya mwangozi, thamangirani naye kuchipatala, mutenge ndi chomwe wadyacho kuti adokotala achione.

Adani a m'dimba

Mankhwala oyamba ndi maso anu. Yendani m'dimba m'mawa uliwonse mphindi zisanu, mukutembenuza masamba. Chilombo chogwidwa chikadali chimodzi sichifuna botolo.

Nsabwe za pa repu, mpiru ndi chayinizi zimakonda nthawi youma. Sinjani tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja ndi mutu umodzi wa adyo, muviike m'lita imodzi ya madzi usiku wonse. M'mawa sefani, muonjezere malita anayi ndi sipuni yaikulu ya sopo wa mtanda wopala. Wazani madzulo, makamaka kunsi kwa masamba, ndipo samalani maso. Yambani mwayesa pa mbewu ziwiri kuti muone ngati sizikupsa. Bwerezani pakatha masiku asanu. Masamba a nimu osinja nawo amathandiza. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mbewu, fufuzani, kawirikawiri zimakhala zikuweta nsabwe.

Tomato wa mu Sepitembala ndi Okutobala amavutika ndi akangaude ofiira, tating'ono tosaoneka bwino. Masamba amachita timadontho tachikasu kenaka kuuma ndi ukonde. Thotholani masamba ogwidwa, mukawataye kutali, ndipo musabzale tomato pamalo amodzi chaka ndi chaka. Sinthanitsani ndi nyemba kapena anyezi.

Pa amaryllis, crinum ndi agapanthus pali mbozi yakuda ya madontho achikasu yomwe imabuka mvula ikayamba. Mazira ake amaikidwa mulu kunsi kwa tsamba. Timbozi timalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya chotsika mpaka kufika pa anyezi. Mukaona tsamba lachita mawanga ofewa ngati lathiridwa madzi otentha, lidulireni m'munsi n'kuphwanya mbozizo tsiku lomwelo. Mukachedwa sabata imodzi, anyezi yense wapita.

Nkhono zimatuluka usiku nthawi ya dzinja. Yalani chiguduli chonyowa pafupi ndi bedi madzulo, m'mawa mudzazipeza zabisala pansi pake. Zitoleni, mupatse abakha ngati alipo, kenaka musambe m'manja ndi sopo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuzitha m'dimba n'kudekhanso.

Mfuko ndiye mbala ya pansi. Mukaona timilu ta dothi latsopano, duwa n'kufota mwadzidzidzi, mukalikoka n'kuzuka lopanda muzu, ndi ameneyo. Amakonda gladiolus, dahlia, mbatata ndi chinangwa. Bzalani maluwa anu a mtengo wapatali m'chidebe choboola kapena m'kadengu ka waya wa nkhuku kokwiriridwa pansi. Alimi ambiri amabzala ombwe, ena amati mthuthu, m'malire mwa munda pofuna kuingitsa mfuko. Ingokumbukirani kuti ombwe amapha nsomba, ndiye madzi ake asafike kumtsinje.

Chiswe chimatsata zouma. Udzu wophimbira usagunde tsinde la mbewu, musiye mpata wa zala zinayi. Kwa olima chimanga chachiwisi kuseri, ntchemberezandonda zomwe zinavuta mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017 sizinachoke. Suzumirani m'nsonga ya chimanga kawiri pa sabata, muphwanye mazira ndi mbozi, muthiremo kadothi kosakaniza ndi phulusa.

Si chamoyo chilichonse chomwe ndi mdani. Achule, abuluzi, mbalame ndi bilimankhwe yemwe ambiri timamuopa uja, onsewa amadya tizilombo. Asiyeni agwire ntchito. Za nkhuku za aneba, mankhwala ake ndi mpanda wa bango kapena udzu ndi kukambirana mwaulemu. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, si yotchingira tomato.

Mukaganiza zogula mankhwala

Nthawi zina zinthu zimafika poti mugule mankhwala. Pitani kusitolo yovomerezeka, mugule a m'botolo lotseka, lolembedwa dzina, muyezo ndi masiku odikira musanathyole ndiwo. M'dziko muno muli bungwe la Pesticides Control Board lomwe ntchito yake ndi kulembetsa ndi kuyang'anira mankhwala otere. A m'timabotolo topanda dzina ndi timapepala ta tameki togulitsidwa m'misewu, ayi ndithu. Tameki ndi poizoni woopsa, amalowa m'mbewu momwe, ndipo wapha anthu, agalu ndi nkhuku. Musathire mankhwala m'botolo la zakumwa, mwana adzayesa ndi chakumwa. Powaza valani zotchinga manja, mphuno ndi pakamwa, ndipo masiku odikira aja muwasunge ngakhale ndiwo zitasowa pakhomo. Amene mukufuna kudziwa zambiri za dothi lanu kapena matenda a mbewu, malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ali pafupi, pamsewu wa ku Thyolo. Safunsa anadya phula.

Poyambira

Mayi a ku Mpingwe, ndi nonse a vuto longa ili, musalimbane ndi bwalo lonse nthawi imodzi. Sabata ino yambani mulu wa manyowa ndipo muleke kuotcha masamba. Mvula yoyamba ikagwa konzani mabedi awiri okha, limodzi la ndiwo, lina la maluwa. Mu Disembala bzalani gladiolus ndi dahlia, ndipo pabedi la ndiwo muike bonongwe, nkhwani ndi therere zomwe sizivuta dzinja. Repu, mpiru ndi kabichi zidikire mu Epulo, mvula ikamatha ndi kunja kukuzizira. Chaka choyamba dothi lidzangofewa pang'ono. Chachiwiri khasu lidzayamba kulowa mosavuta. Chachitatu aneba adzayamba kupempha mbewu.

Bambowo musakangane nawo. Apempheni akuthandizeni kutuntha njerwa za m'mbali mwa bedi, ndipo mbale yoyamba ya nkhwani wotendera wa pakhomo idzawayankha yokha. Mudzatilemberenso kuti zayenda bwanji. Tikumanenso Lamulungu likudzali.